Kiyi wa M'thumba la a Msowoya

A Msowoya tawaika Loweruka lapitali. Ndikuti tawaika, koma ife a ku Kawale tinangowaperekeza mpaka pamsewu, lole n'kuwatenga ulendo wa kwawo ku Rumphi kumene kuli manda a akazi awo. Azibambo amene anasambitsa thupi anabwera kudzandifunsa za kakiyi kamene anakapeza pamalaya, kokolekedwa ndi pini mkati mwa thumba la pachifuwa. Ankafuna kudziwa ngati kapite nawo m'bokosi. Ndinawauza kuti akachotse andipatse ine, ndidzapereka kwa mwana wawo Tiwonge. Sindinawauze kuti kakiyiko ndinakagwirapo kale kamodzi, ndipo kuti chiyambire tsikulo mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Tinakhala moyandikana zaka zambiri, mpanda umodzi, mpopi umodzi. Ine ndimasoka zovala pakhonde, ndiye zochitika kuseri kwa mpandawo ndinkaziona ngakhale ndisakufuna, komanso kunena zoona nthawi zambiri ndinkafuna. A Msowoya anagwira ntchito m'zipatala za boma moyo wawo wonse mpaka kupuma. Sanali dokotala weniweni, anali wothandizira madokotala, ndipo ankakonda kutikonza pa mfundo imeneyi, koma Kawale yense ankangowatchula kuti a Dokotala basi. Anali munthu wamtali, wowonda, wosadziwa kuthamanga. Nsapato ankapolisha m'mawa uliwonse kuti akaziyendetse m'fumbi lathu lomweli, ndipo mpango wa m'thumba ankausita ngati ukupita ku ukwati.

Ana onse a mzere wathu anakula ndi mawondo a jivi chifukwa cha iwo. Mwana akagwa, akapsa ndi phala, akaponda msomali, tinkathamangira kwa a Msowoya. Ankawiritsa sizasi m'kapoto kake kapadera, n'kutsuka bala mosapupuluma uku akumufunsa mwanayo masamu kuti aiwale kulira. Sankalandira kanthu, ngakhale dzira. Koma ukapitako ndi mutu kapena msana, iwalani. Asipirini mmodzi yekha ankatuluka utayankha mafunso ngati uli kupolisi: wamwa madzi makapu angati, wagona bwanji, mwayambana chiyani ndi amuna ako. Ankakonda kunena kuti ululu uli ngati mwana amene wabwera akuthamanga kudzakuuza kuti kunyumba kwapsa, ndiye suyamba ndi kumutseka pakamwa. Ine ndinkabwerako mutu ukuwawabe, utawonjezera ndi mkwiyo.

Matipate atabwera, mavenda anadzaza paliponse, ndipo mapiritsi anayamba kugulitsidwa pamsika ngati tomato, atayalidwa pachiguduli dzuwa likuwaphika. A Msowoya anapeza ntchito yatsopano imene palibe anawalemba. Ankapita ndi ambulera yawo, n'kuwerama, n'kumanyamula mapaketi limodzilimodzi kuwerenga ngati sanathe mphamvu. Tsiku lina ndinali pomwepo ndikugula ulusi.

"Madala, ngati simukugula tadutsani," anatero mwini chiguduli. "Mukutithamangitsira makasitomala."

"Awa ukuti ndi a chiyani?"

"Ofiirawo ndi a chilichonse. Msana, dzino, m'mimba, amagwira fasiti."

"A chilichonse," anabwereza a Msowoya, akuyang'ana ife tonse ngati ndife tawapanga. "Mankhwala a chilichonse ndi manda okha, mwana wanga."

Anthu anaseka, venda anatukwana, a Msowoya anatsegula ambulera n'kumapita. Koma chimene chinkawapsetsa mtima koposa anali mankhwala a chifuwa a m'botolo, aja okhala ndi kodini. Panali achinyamata ena amene ankagula mabotolo awiriawiri asakutsokomola n'komwe. A Msowoya ankawazindikira akadali patali. Ankati taonani kamso kakudako kachepa ngati mutu wa singano, taonani akukanda mphuno, taonani akuwodzera ali chiimire. Ine ndinkangoti ndi nzeru za kuchipatala, osadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani mawu awo ankanjenjemera akamanena zimenezi.

Mbiri ya mankhwala amenewa ndinaimva kambirimbiri pakhonde panga, pamene ankadikira kuti ndiwatembenuzire kolala. Ankati zonse zinayambira pa duwa lina la kumayiko akutali, limene ukalicheka mutu limatuluka utomoni woyera, ndipo anthu akale anaona kuti utomoniwo umagonetsa ululu koma umamanganso munthu. Azungu anausefa n'kupanga mofini. Ataona kuti mofini akumanga anthu, anapanga wina wotchedwa heroini, n'kumalengeza kuti uyu ndiye wabwino, samanga, mpaka kumamwetsa ana a chifuwa. Anakhala woipa kuposa woyambayo. Kenako kunabwera petidini, jakisoni amene iwo anamupeza m'zipatala, nayenso anabwera ndi lonjezo lomwelo. Ankati mankhwala atsopano aliwonse a mtundu umenewu amafika atavala suti, akulumbira kuti sali ngati akulu awo. Ine ndinkati eya, eya, uku ndikupalasa makina, chifukwa nkhani ya duwa la kutali inalibe nane ntchito.

Akazi awo, a NyaLongwe, anali osiyana nawo pa chilichonse. Anali aafupi, onenepa, oseka mpaka kugwira chipupa. Iwo ankatchula amuna awo kuti Boma. Ukapita kukabwereka mchere ankati, "Tengani msanga, Boma lisanabwere." Ankaimba kwaya kutchalitchi, ndipo akamachapa pampopi ankaimba nyimbo za Chitumbuka zimene mpaka ine Mchewa ndinazidziwa. Anayamba kudwala chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate chija. Poyamba ankabisa, monga timachitira azimayi ndi matenda a kumusi. Pamene zinkadziwika kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, madokotala anati palibenso chodula, abwerere kunyumba.

Ndine ndinawaperekeza pa minibasi ku chipatala china cha mishoni kunja kwa tauni, chifukwa tinamva kuti kuli sisitere wina wachikulire amene amathandiza anthu otere. Ndiye mawu a sisitereyo ndinawamva ndi makutu angawa, sindingati ndinachita kuuzidwa. Anatulutsa botolo lalikulu la mofini wamadzi, chinthu chimene masiku amenewo sichinkapezeka wamba. Kawale yense anali ndi odwala m'nyumba ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina, ndipo ambiri ankafa ndi asipirini yekha. Sisitereyo anati amayiwa azimwa muyezo wake pakapita maola anayi alionse, osadikira kuti ululu uyambe wabwera. Anabwereza kawiri, ndipo kachiwiriko ankayang'ana a Msowoya.

Tsiku lotsatira a Msowoya anaitana kalipentala. Anakhometsa kabokosi ka loko mkati mwa kabati ya pabalaza, kabati mkati mwa kabati, monga amasungira mankhwala oopsa kuchipatala. Pabotolo anamatapo pulasitala kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo akathira ankalemba kamzere ndi bolopeni pamene mankhwala alekezera. Kiyi anamukoleka ndi pini m'thumba la malaya. Ankapereka kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo ngakhale pamenepo muyezo sunkadzaza.

Ife tinawayamikira, ndipo ichi ndiye chimandipweteka. Azimayi a kumpingo tikabwera kudzazonda tinkati a NyaLongwe ndi amwayi, anakwatiwa ndi dokotala wodziwa kusamala. Ena ankanong'ona kuti mankhwala amenewo amafupikitsa moyo, ena ankati amapengetsa, munthu amafa asakudziwa Mulungu wake. Tinkaimba nyimbo, kupemphera, n'kumapita, wodwala akuluma chitenje. Sisitere uja anabwera kamodzi kudzaona. Atanyamula botolo n'kuona timizere tothithikana, anakwiya mpaka kufiira. Mkangano wawo ndinaumva ndili kuseri kwa mpanda. Sisitere ankati munthu amene watsala ndi miyezi yowerengeka simungamuopere chizolowezi. A Msowoya ankati mankhwalawa amawadziwa kuposa wina aliyense m'nyumbamo, ndipo mkazi wawo sadzafa ali kapolo wa botolo. Pamapeto a NyaLongwe anangoti, "Asiyeni asisitere, akudziwa chimene akuchita." Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu wa mkazi wa kumpoto kwa mwamuna wake.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mwezi wa Okutobala, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawapititsira phala la mgaiwa. A Msowoya anali kubafa kuseri kwa nyumba, ndipo monga mwa chizolowezi chawo malaya anali atawayanika pampanda wa bafalo, kolala ikulendewera kunja. A NyaLongwe ndinawapeza atagwada pansi, mutu atautsamiritsa pabedi, thukuta lili kamukamu. Munthu wonenepa uja anali atatsala mafupa. Anandigwira mkono mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo.

"Amake Dalitso, malaya ali pampanda."

"Ndawaona, amama."

"Kiyi ali m'thumba. Supuni imodzi yokha. Boma limachedwa kusamba, mukhala mutabweza."

"Nanga akadzaona kamzere kaja?"

"Muthiremo madzi pang'ono. Chonde mwana wanga. Moto uli m'chiunomu."

Ndinatuluka. Ndinayenda chonyang'ama mpaka pampanda, madzi akumveka kukhavukira mkatimo. Ndinapisa dzanja m'thumba, ndinamasula pini, kiyi n'kukhala m'manja mwanga, wofunda ndi dzuwa. Ndinaima pamenepo mwina mphindi imodzi. Ndinaganiza za mawu a azimayi aja, kuti mankhwalawa amapha. Ndinaganiza kuti akafa lero, anthu adzati telala wa pakhonde wapha mkazi wa dokotala. Ndinaganizanso kuti ine ndine ndani, wa Sitandade 8, kuti nditsutse munthu amene wagwira jakisoni moyo wake wonse. Ndinabweza kiyi, ndinatseka pini, n'kubwerera m'nyumba kukanama kuti m'thumbamo munalibe kanthu.

A NyaLongwe anandiyang'ana, ndipo anadziwa. Sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino. Musawauze kuti ndinapempha." Kenako anatembenukira kukhoma. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, botolo lisanafike ndi pakati pomwe.

Patapita miyezi ingapo a Msowoya anabwera pakhonde panga m'mawa, atanyamula bulauzi yoyera ya kumpingo ya malemuwo kuti ndiichepetse ikwane Tiwonge. Anakhala pabenchi, chipewa pabondo. Ndinayembekeza nkhani ya duwa, koma anayamba ina.

Anati ali mnyamata, akugwira ntchito pachipatala china chakumudzi, anagwa panjinga yamoto akupita kukabaya katemera, n'kuthyoka ntchafu. Anagona m'chipatala milungu yambiri akubayidwa petidini. Fupa linalumikizana, koma atabwerera kuntchito anapeza kuti thupi likufunabe jakisoni uja, chibaba choposa cha fodya kutalitali. Ndipo kiyi wa kabati ya mankhwala oopsa ankasunga iwo. Anayamba ndi kamodzi pamlungu. Pasanathe chaka ankadzibaya tsiku lililonse, ndipo kuti buku la mankhwala ligwirizane, ankalemba dzina la wodwala, petidini n'kudzibaya okha, wodwalayo n'kumubaya madzi owiritsa.

"Panali mayi wina atangochitidwa opareshoni," anatero. "Ndinamubaya madzi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zikomo adokotala. Ndinatuluka akulumabe bulangete."

Amene anazindikira anali a NyaLongwe, ali mtsikana wa mwana mmodzi kumbuyo. Sanauze abusa, sanauze akuluakulu a chipatala. Anakawapemphera tchuthi ponena kuti kumudzi kuli matenda, n'kuwatengera kwa bambo awo ku Rumphi. Kumeneko anawatsekera m'kanyumba milungu itatu, akusanza, akutsegula m'mimba, akutukwana, akulira ngati mwana, ndipo mkaziyo ndiye ankakolopa zonsezo. Chiyambire pamenepo sanadzibayenso, ndipo kupatula akufa, ine ndinali munthu woyamba kumva.

Makina anali ataima kalekale. Ndinati, "Ndiye munkaopa kuti amama adzakhala ngati inu."

"Ndi zimene ndinkauza asisitere. Ndi zimene ndinkadziuza ndekha." Anatembenuza chipewa pabondo. "Amake Dalitso, ndikatsegula botolo lija m'kamwa munkadzaza malovu. Zaka zonsezi, ndi imvi zomwezi. Kawiri patsiku ndi pamene ndinkatha kupirira. Kasanu ndi kamodzi sindikanatha."

"Bwanji osandipatsa ine kiyiyo? Bwanji osapatsa asisitere, kapena amayi a kumpingo?"

"Mukanafunsa chifukwa chake."

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa. Ndinawauza mawu amene mwana sauza munthu wamkulu. Ndinati munalola mkazi wanu apse ngati nkhuni kuti dzina lanu likhale loyera ngati mpango wanuwo. Ndinati iye anakukolopani masanzi, inu munamuwerengera madontho. Ndiye pamene ndinazindikira chifukwa chake a NyaLongwe anauza sisitere kuti awasiye. Ankadziwa bwinobwino chimene chikuchitika pakabati paja, ndipo anasankha kuluma chitenje kusiyana ndi kuulula amuna awo pamaso pa anthu. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, chifukwa ndinakumbukira dzanja langa m'thumba la malaya. Ndinawauza zonse, za phala, za pampanda, za bodza langa, ngakhale malemu anati ndisanene.

A Msowoya anati, "Ndinakumvani tsiku lija. Ndinasiya kuthira madzi, ndinaima duu, ndikupemphera kuti mutenge."

Bulauzi ija ndinaichepetsa, koma ndinachita kusoka kawiri chifukwa koyamba ndinakhotetsa.

Sitinayambane. Tinapitiriza kupatsana moni pampopi, ndipo ndinkawapatsa ndiwo monga kale. Kumsika anasiya kupita ndi ambulera yawo. M'malo mwake anayamba kuyenda m'nyumba za odwala, Kawale mpaka Biwi, kutsuka zilonda za pamsana ndi kuphunzitsa achibale kutembenuza munthu wogona. Ankawauza kuti wodwala akati kukuwawa, ndiye kuti kukuwawa, musamuyese. Mawu aja a mwana wothamanga sindinawamvenso. Kangapo ndinawafunsa kuti bwanji osapereka botolo lija kwa wina wovutika, poti lilipo. Ankati mawa, ndipo mawalo silinafike. Ndikukhulupirira kuti sankatha kulitsegula, komanso sankatha kulitaya, ndiye linangokhala momwemo mpaka kutha mphamvu. Pamenepa sindiwakhululukira kwenikweni, chifukwa mzere wathu wokhawu tinaika anthu angapo amene supuni imodzi ikanawagonetsa.

Matenda awo omaliza anali a m'mafupa, ndipo anali owawa. Kuchipatala namwino anabwera ndi jakisoni wa petidini, iwo anabisa mkono m'bulangete. Ndinawachonderera, ndinati Adada, palibe amene akukuyesani mayeso pano. Anapukusa mutu. Sindikudziwa ngati kunali kuopa chibaba chakale kapena kudzilanga chifukwa cha akazi awo. Ine ndinaona ngati kuuma mutu kopanda phindu, ndipo ndinawauza choncho, koma anamwalira osabayidwa.

Tiwonge wabwera dzana kuchokera kumaliro kudzalongedza katundu. Iye ndi mphunzitsi ku Mzuzu, ndipo nthawi ya matenda a mayi ake ankangobwera patchuthi. Ndinamupatsa kiyi. Anatsegula kabati, anatsegula kabokosi, n'kutulutsa botolo. Pulasitala inali itachita chikasu. Analinyamula kuloza pawindo, ndipo mankhwala anali pakamzere komaliza ndendende, osatsika ndi dontho limodzi.

"Awa ndi a chiyani, anti?"

"Anali a amayi ako. Opha ululu."

"Atsala ambiri chonchi?" Nkhope yake inamasuka. "Ndiye kuti sankamva kuwawa kwambiri, eti?"

Bodza linali pafupi, lofewa, ndipo likanamuthandiza kugona. Koma m'nyumba imeneyo ndinanamamo kale kamodzi. Ndinati, "Ankamva, mwana wanga. Khala pansi ndikuuze." Tinakhala pansi pasimenti chifukwa mipando inali itamangidwa kale, ndipo ndinamuuza zonse, za bambo ake ndi zanga zomwe. Analira, anandifunsa mafunso ambiri, ndipo pochoka sananditsanzike bwinobwino. Sindimuimba mlandu.

Nyumbayo tsopano ndi yotseka, akuti mwezi wamawa mulowa anthu ena. Ndikasuzumira pawindo ndimaona pabalaza pali mbee, kupatula timabala tinayi pasimenti pamene panaima miyendo ya kabati. Kapoto kowiritsira sizasi Tiwonge anakaiwala pakhonde, ndipo nkhuku zanga zayamba kumweramo. Dzulo mwana wa kuseri anagwa n'kusupuka bondo, mayi ake anathamanga naye mpaka pageti la a Msowoya, n'kuima, n'kubwerera. Mpanda wa bafa ukadalipo, wapendekeka pang'ono, ndipo pamene ankayanika malaya udzu wake unaphwatalala. Ndikakhala pamakina malowo amakhala moyang'anizana nane. Kuchokera pamenepo kukafika pamene panali kabati ndi mapazi khumi ndi awiri, ndinawerenga dzana nyumba isanatsekedwe.